Visa Yatuluka, Nanga Tisitima Tija?

Munthu wa ku Chitala akangonena kuti mapepala atheka ndipo akupita kunja, alangizi sasowa. Pa nkhani ya mbuzi, njinga, munda wa mtedza ndi malata otsala, malangizo awo amakhala omveka, chifukwa anthu a kuno ku Salima adayamba kalekale kutsazika, kuyambira masiku a Wenela ndi Mthandizi. Amene amasokoneza alangizi athuwa ndi katundu wosowa, monga tisitima tating'ono toyenda ndi magetsi pa tinjanji take. Si ambiri ali nato. Mungatipeze mwina kwa mkulu wina wa zaulimi amene adakaphunzira ku Britain n'kubwera nato m'sutikesi, kwa mwana wa munthu amene adagwirapo ntchito ku Malawi Railways, kapena kwa munthu wachidwi amene wakhala akutola kamodzikamodzi pa mulu wa zidole za pa kaunjika. Ngati inu mulibe, musachoke. Zambiri zimene tikambe pano zikukhudzanso wailesi ya agogo, masitampa, malekodi ndi zithunzi zaukwati.

Oyamba kulankhula amakhala azakhali. Iwo amati izi ndi zidole, ndipo munthu wandevu sangavutike mutu ndi zidole. Angosiyira ana pakhomo aseweretse. Sindingawanene azakhaliwo. Kwathu kuno galimoto ya waya ndi ya mwana. Mnyamata amapinda waya, kudula mapatapata akutha kuti apange matayala, kuithamangitsa mu fumbi mpaka tsiku limene wayamba kuchita manyazi pamaso pa atsikana, basi n'kusiyira mng'ono wake. Choncho m'maso mwathu chinthu chaching'ono chofanana ndi chachikulu ndi cha ana, ndipo kukula ndiko kuchisiya.

Komatu kumene tisitimati timachokera, ambiri otigula ndi akuluakulu, ena aimvi ndithu. Kampani ya Märklin ya ku Göppingen ku Germany idayamba mu 1859, ndipo mu 1891 idaonetsa tisitima toyenda pa njanji za muyeso umodzi, kuti wogula azitha kuwonjezera pang'onopang'ono. Ku Britain, Frank Hornby adayamba kugulitsa take mu 1920. Timene timapangidwa masiku ano ndi toyezedwa mosamala: ta mtundu wa HO n'tochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni, ta OO ka 76, ndipo mitundu iwiri yonseyi imayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5. Mumzinda wa Hamburg muli malo otchedwa Miniatur Wunderland, amene adatsegulidwa mu 2001, kumene anthu amaima pamzere ndi kulipira kuti angoonerera tisitima tikuyenda. Chofunika kwa ife n'chakuti kainjini kotere sikadapangidwire fumbi. Magiya ake ndi ang'onoang'ono kwambiri, ndipo mchenga ukangolowamo kamaima. Mwana wa zaka zisanu adzakakonda ndi mtima wonse, koma pofika madzulo kadzakhala kopanda matayala. Galimoto ya waya ikapindika amaiwongola ndi mwala, aka ayi.

Ndiye pamabwera alamu, amene amaona zinthu mwa mtundu wina. Iwo amatsitsa mawu n'kunena kuti musapupulume, zinthu zakale za azungu zili ndi ndalama, mwina mwakhalira chuma osadziwa. Nawonso ali ndi pogwira. Tonse tidamvapo za simbi yamakala ya tambala pamwamba, imene akuti anthu ena amaifunafuna ndi mamiliyoni. Tidamvanso za makina osokera a Singer amene akuti muli red mercury. Mphekesera imeneyi si ya kuno kokha: mu 2009 idagwedeza Saudi Arabia mpaka anthu kumalimbirana makina akale pa mitengo yoopsa, chonsecho red mercury wotereyo palibe wasayansi adamupezapo. Chimene chimapatsa nkhani zoterezi miyendo n'chakuti mkati mwake muli kachoonadi. Zinthu zina zakale zimagulidwadi modula, ndipo nthawi zina nyuzipepala zimalemba za chidole chimene chagulidwa pa mtengo wa galimoto. Nyuzipepalazo sizilemba za zidole masauzande zimene tsiku lomwelo zasowa wozifunsa mtengo.

Zoona zake n'zozizira pang'ono. Ukalamba pawokha suwonjezera mtengo. Tisitima tambiri tidapangidwa m'mafakitale tochuluka zedi, ndipo ku Britain timapezeka m'madenga a nyumba zambirimbiri. Wogula wodziwa amayang'ana zinthu zitatu: ngati mtunduwo ndi wosowa, ngati kasitimako kali bwinobwino kosapentedwanso, komanso ngati bokosi lake lenileni lilipo. Inde, katoni ija imene ife timayamba kutaya kapena kuyatsira mbaula ndi imene imakweza mtengo. Ndipo ngakhale mutakhala ndi kosowadi, wokagula sali pa msika wa Salima. Ali ku Britain, ku Germany, mwinanso m'magulu a okonda tisitima a ku Johannesburg ndi Cape Town. Musanalote za minibasi, tembenuzani kainjiniko, werengani dzina la kampani ndi nambala yake, n'kufufuza pa intaneti mtengo umene ena adagulitsiradi. Mtengo umene wogulitsa akungotchula suuza kanthu, poti aliyense angathe kutchula miliyoni.

Langizo limene limamveka lanzeru kuposa onse ndi la amalume: longedzani bwinobwino m'makatoni, ikani m'chipinda chimodzi, khomani loko, kiyi mupite naye. Ichi ndi chikhulupiriro chimene ndimachimvera chisoni kwambiri, chifukwa chimachokera m'mtima wosamala. Mdani wa katundu amene timamudziwa ndi dzanja la munthu, la wakuba, la wobwereka osabweza, la mwana wofuna kuona zam'kati. Tikatseka chitseko timamva kuti nkhondo yatha. Tili ndi umboninso. Agogo amene adabwera kuchokera ku migodi adasunga jekete m'thiranki yachitsulo zaka makumi awiri ndipo idatuluka yovalika. Khasu mukalisiya pakona mudzalipeza pomwepo. Nanga kasitima kachitsulo kangalephere bwanji kudikira?

Yankho lili m'nyengo yathu ya kunyanja. Aliyense amene adalowapo m'chipinda cha malata chopanda siling'i masana a mwezi wa Okutobala kapena Novembala ku Chitala akudziwa kuti mumatentha kuposa panja. Pulasitiki wopyapyala wa mabogi amapindika pang'onopang'ono ndi kutentha kotereku, ndipo akapindika sabwerera. Timalabala timene timakhala pa matayala a injini zina timauma n'kuthetheka. Girisi wa m'magiya amalimba mpaka injini kumangolira osasuntha. Kenako mvula imabwera ndi chinyezi chake, ndipo chipinda chotseka sichipuma. Njanji zakale zachitsulo zimachita dzimbiri. Zatsopano, zimene amapanga ndi chitsulo chosakaniza ndi nickel, sizichita dzimbiri koma zimada mpaka magetsi kulephera kudutsa. Siponji ya m'mabokosi ena imafumbutuka n'kumamatira pa penti. Batire loiwalika mkati limatuluka madzi owononga. Ndipo amene amati akulunge zonse m'majumbo a pulasitiki n'kumanga kolimba amangotsekera chinyezi chomwecho mkati, kuti chigwire ntchito yake mosasokonezedwa.

Pali nthenda ina yachilendo imene okonda tisitima amaiopa. Tambiri takale, makamaka topangidwa chisanafike chaka cha 1960, tidaumbidwa ndi chitsulo cha zinki chimene nthawi zina chinkasakanikira ndi mtovu pang'ono. Pakapita zaka chitsulocho chimafufuma, kuchita ming'alu, mapeto ake n'kuphwanyika chokha popanda wochikhudza. Chinyezi chimafulumizitsa nthendayi ndipo mankhwala ake palibe. Taganizani tsono munthu wabwera patapita zaka, watsegula katoni, wapeza matayala ali zidutswazidutswa. Woyamba kumuganizira ndi mdzukulu amene ankasesa pakhomo. Mwanayo alumbira kuti sadakhudze, ndipo akunena zoona.

Chiswe sindidachitchule chifukwa nonse mukuchidziwa. Loko sichimuona. Chimalowera pansi, ndipo chimayambira pa makatoni omwe aja amene tati ndiwo amakweza mtengo. Makoswe amatsiriza ntchito pa mawaya. Ngati palibe kuchitira mwina koma kusiya, katunduyo akhale m'mabokosi olimba a pulasitiki kapena m'thiranki, pamwamba pa thebulo losagunda khoma, m'chipinda chimene anthu amatsegula mawindo tsiku ndi tsiku, mabatire onse atachotsedwa. Pakhalenso munthu woti azitsegula kangapo pachaka, makamaka mvula ikatha. Mwaona tsono kuti kusunga kwenikweni kukufuna dzanja la munthu lomwe lija timalithawa.

Pansi pa langizo la amalume pali mawu amene woyendayo amadziuza yekha: zaka ziwiri zokha, ndibwera. Amanena moona mtima. Adateronso ambiri amene adapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena mwa iwo n'kusanduka matchona, osati chifukwa choipa mtima koma chifukwa ntchito idakoma, ana adabadwa, sukulu idayamba. Palibe akudziwa za mawa. Pokonza za katundu, ndi bwino kuwerengera ngati zaka ziwirizo zidzakhala khumi. Zikadzakhaladi ziwiri, simudzataya kanthu.

Achemwali aakulu amabwera ndi njira ya mtendere. Gawani, akutero, kuti pasakhale wodandaula: injini kwa mwana wa uje, mabogi kwa wa uje, njanji kwa winayo. Uku n'kuganiza kwa munthu amene adaonapo mabanja akudana chifukwa cha katundu, ndipo pa zinthu zambiri amakhoza. Mbuzi zisanu ndi imodzi mukagawira anthu atatu, aliyense amapita ndi ziwiri zamoyo, ndipo chaka chamawa zaswana. Tisitima sititero. Wa injini alibe poyendetsa, wa njanji alibe choyendapo, ndipo wolandira thiransifoma yotsitsa magetsi wangolandira kabokosi kolemera kopanda ntchito. Mwakondweretsa atatu tsiku limodzi, koma sitima yafa. Ngakhale kudzagulira zosowazo si kophweka, chifukwa mitundu simvana: tisitima tambiri ta Märklin timatenga magetsi kudzera pa timinga ta pakati pa njanji, pamene ta Hornby ta masiku ano timatengera pa njanji ziwiri zokha, ndipo mtundu wa magetsi ake ndi wosiyana. Ngati mukufunadi kugawa, gulu lililonse likhale lokwanira palokha: injini imodzi, mabogi angapo, njanji zokwana kuzungulira, ndi choyendetsera. Zikakwana gulu limodzi lokha, lipite kwa mmodzi, enawo muwapatse zina.

Tsono za kupita nato. Apa anthu amagawikana pawiri. Ena amati n'kutaya nthawi, magetsi a kunja ndi ena, tikangopsa. Adaonapo wailesi kapena makina ometera ochokera ku America akutulutsa utsi atangowalumikiza kuno, ndiye mantha awo ali ndi chifukwa. Koma kasitima sikalandira magetsi a pakhoma mwachindunji. Thiransifoma imawatsitsa kufika pafupifupi 12V, kapena 16V kwa mitundu ina, ndipo ndi okhawo amene amafika pa njanji. Kuno timagwiritsa ntchito 230V ndi pulagi ya mano atatu yofanana ndi ya ku Britain ndi Ireland, choncho wopita kumeneko sasintha kalikonse. Wopita ku South Africa angosintha pulagi. Wopita ku America kapena Canada, kumene magetsi ndi 120V, asiye thiransifoma, akagule ina konko. Injini zake zikayenda ngati kale. Ndipo poti thiransifoma ndiyo yolemera kuposa zonse, kuisiya n'kupepukitsa chikwama.

Enawo amati tengani zonse, thebulo lake lomwe, ndi timapiri ndi timitengo timene mudamata, poti mudavutikira. Mtima umatero ndithu. Woimba Rod Stewart, amene achikulirefe tinkamumvera pa wailesi, adatha zaka zoposa makumi awiri akumanga mzinda wathunthu wa tisitima m'nyumba yake ku Los Angeles, ndipo pambuyo pake adausamutsira ku England. Koma iye ndi Rod Stewart. Ife katundu wathu wolemera amayenera kuyamba wayenda pamtunda mpaka ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban asanaone nyanja yamchere, ndipo onyamula amalipiritsa potengera malo amene katundu watenga. Thebulo la tisitima ndi matabwa ndi mpweya. Pandege, makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi. Pabasi ya ku Joni, yodzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, katundu amatsitsidwa ndi kukwezedwa m'maboda ndi manja othamanga. Mayiko ena, monga Australia ndi New Zealand, amaunika kwambiri matabwa osathira mankhwala, dothi ndi zomera zouma, ndipo timapiri tambiri timapangidwa ndi zomwezo.

Anthu a ku Salima sitiyenera kuphunzitsidwa za kuphwasula. Ilala imene imayenda pa nyanja yathuyi idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa, pa sitima yapamadzi mpaka ku Mozambique kenako pa njanji mpaka ku Chipoka, ndipo idayamba kuyenda mu 1951 atailumikizanso. Chomwecho jambulani thebulo lanu mbali zonse, lembani mapu a njanji, zulani. Injini ndizo zodula ndi zosachedwa kuwonongeka. Zikulungeni m'pepala lofewa, osati nyuzipepala chifukwa inki imadetsa penti, ndipo zikhale m'chikwama cha m'manja. Pa bwalo la ndege la Kamuzu angakufunseni kuti mutsegule, poti pa makina ounikira timaoneka ngati tizitsulo ndi mawaya. Tsegulani mwaulemu, nthawi zambiri nkhani imathera m'kuseka. Njanji wamba n'zotchipa kunja, sizoyenera kulipirira kulemera kwake. Za msonkho, mayiko ambiri amalola munthu wosamuka mwalamulo kulowetsa katundu wake wakale popanda kulipira. Ku Britain amafuna kuti mupemphe chilolezocho katunduyo asanafike, komanso kuti akhale amene mwakhala naye kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Wopita ngati mlendo wongocheza malamulo ake ndi ena, ndiye afunse asananyamule.

Pamatsala aphunzitsi opuma ntchito, amene amati zoterezi n'zoyenera ku nyumba yosungirako zinthu zakale, kapena ku sukulu kuti ana aphunzirepo. Maganizo ake ndi okoma, ndipo ku Salima ali ndi kulemera kwake. Njanji yochokera ku Blantyre idafika kuno mu 1935, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi Salima ndiye adali mathero ake, mpaka 1979 pamene idafika ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada. Thonje, mtedza ndi anthu zinkakwerera pano. Lero sitima yonyamula anthu idasiya kale kufika, ndipo kuli ana ambiri a ku Chitala amene sadakwerepo bogi. Kuwaonetsa kasitima kakuzungulira si chinthu chachabe.

Komabe kupereka sikungosiya pakhomo la ofesi. Ku Chichiri Museum ku Blantyre kuli kale injini zenizeni zakale, ndipo malo oterowo amafuna zinthu zonena mbiri yathu. Tisitima tambiri ta m'mabokosi timafanizira sitima za ku Britain ndi Germany, zoyenda pa njanji za mamilimita 1,435, pamene zathu ndi za 1,067. Si zathu ngakhale pa maonekedwe. Chimene angachilandire ndi manja awiri mwina ndi nyali yeniyeni ya woyang'anira sitima, chipewa, matikiti akale kapena zithunzi za pa siteshoni ya Salima zimene bambo anu adasiya, ndipo zoterezo ndi bwino kufunsa a dipatimenti yoona za zinthu zakale musanaganize zotuluka nazo m'dziko. Kusukulu nako, mphatso yoperekedwa kwa aliyense imathera m'kabati ya ahedi pamodzi ndi mpira wophulika. Pezani mphunzitsi mmodzi wa sayansi amene maso ake awala ataona injini ikuyenda, mukhale naye masana angapo, mumuonetse kupukuta njanji ndi kudontheza mafuta pang'ono pokha. Kusowa kwa magetsi kusakuletseni. Tisitima ta 12V timatha kuyenda ndi batire la sola, bola pakhale choyendetsera choyenera ndi fyuzi, chifukwa batire lalikulu lolumikizidwa mwachindunji likhoza kutenthetsa mawaya mpaka moto kasitima kakangogwa pa njanji.

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo ambiri timatsazika titatsamira mwambi umenewu osanena poyera chimene tachita. Woyenda amati "zikhale kwa inu, achimwene," iye akuganiza kuti wasungitsa. Achimwenewo amayankha kuti "zikomo kwambiri," iwo akumva kuti apatsidwa. Onse awiri ndi anthu abwino, ndipo mlandu udzabuka patapita zaka, mwina pa maliro, pamene wina adzafunse za katundu wa malemu. Timaopa kulemba chifukwa kumaoneka ngati kukayikira m'bale. Koma tsamba limodzi la m'kope ndi lokwanira: injini zingati, mabogi angati, izi ndapereka, izi ndasungitsa, ndipo zikafika zaka zakutizakuti ndisanabwere mugulitse kapena mupatse uje. Musayine nonse awiri amalume akuona, mujambule tsambalo pa foni, aliyense akhale ndi chithunzi chake pa WhatsApp. Matabwa a thebulo aja musawalembe n'komwe. Apatseni azakhali, akhala akuwayang'anitsitsa kuyambira tsiku loyamba, ndipo akudziwa kale kuti chitseko cha khola la nkhuku chikufunika china.